Tsiku limene a Faines anatithamangitsa m'munda

Mukafika ku Msakambewa n'kufunsa za a Faines Chikadza, aliyense akuuzani chimodzimodzi: ndi mayi uja anathamangitsa amayi a Chigwirizano cha kumpingo m'munda mwake. N'zoona zimenezo. Ine Elizabeti ndinali m'gulu la othamangitsidwawo, ndipo khasu langa ndi limene linali patsogolo.

A Faines ndi mayi wamfupi, wochepa thupi, wosafulumira kuyankhula. Sukulu analekezera sitandade 3. Amuna awo atamwalira anatsala ndi ana atatu komanso munda wa maekala awiri m'tsinde mwa phiri, womwe ankalima amayi awo ndi agogo awo. Chaka chimene ndikunenachi madzi anali atafika m'khosi. Anagulitsa mbuzi zonse zinayi kuti agule mbewu ndi feteleza, ndipo anandiuza okha kuti chimanga chikakanika, abwereketsa mundawo n'kukwera lole ya ku esiteti ku Kasungu, kukakhala tenanti ndi ana omwe. Tonse timadziwa kuti munda wobwereketsa chifukwa cha njala subwerera msanga.

Ku kalabu yathu ya alimi kunabwera nkhani ya inshulansi ya mbewu. Mlangizi anafotokoza kuti ukalipira kangachepe pogula mbewu, matalala kapena ng'amba zikakuwonongera, kampani imakubwezera mbewu ndi feteleza. Tinalembetsa ambiri, ine ndemwe. Koma pepala lakelo, aa, ndinangolipinda n'kulitsekera m'Baibulo. A Faines ayi. Anamuimitsa mlangiziyo kuti awawerengere katatu konse, ife tikung'ung'udza kuti dzuwa likutiwotcha. Anatolapo zitatu: sunga mapaketi a mbewu ndi lisiti, ukanene pasanathe masiku atatu, ndipo usakhudze munda mpaka woyendera wa kampani atauona.

Kumayambiriro kwa Febuluwale, chimanga chitayamba kumasula, kunagwa matalala Lachiwiri masana. Mayo ine! Akuluakulu ngati mazira a nkhunda. Theka la ola lokha, chimanga chonse cha mbali yathu ya phiri chinasanduka nsanza, mapesi atathyokathyoka.

Kwathu kuno zikatere sitikhala manja lende. Timazula mapesi, n'kuunda mizere, n'kubzala kholowa mvula isanathe, kuti ana adzapezeko mbatata. Ine ndi amuna anga tinatero m'mawa mwake momwe. Ndiye Lachisanu ife amayi a Chigwirizano cha kumpingo tinapangana zokathandiza mnzathu wamasiyeyu. Tinanyamuka anthu khumi ndi awiri, makasu paphewa, mitolo ya kholowa pamutu, nyimbo ili pakamwa.

Tinawapeza ataima pamalire a munda, atatambasula manja.

"Zikomo amayi, Mulungu akudalitseni, koma muno musaponde."

"Mwati bwanji, aNambewe?" ndinafunsa ine, kuwaitana ndi mfunda wawo. "Si tabwera kudzakuthandizani?"

"Ndamva, amake Tamanda. Koma ndinakanena kale kwa alangizi Lachitatu. Woyendera akabwera n'kupeza mizere ya mbatata, ndidzamuonetsa chiyani? Matalala aja anasungunuka. Mboni yanga ndi mapesiwa."

Ine mtima unawira. Kutibweza ife, ndi katundu pamutu? Ndinasamula khasu kuti ndigwetse phesi loyamba, dala. Mayi wochepa uja anagwira mpini wake m'mwamba momwemo n'kundiyang'ana m'maso.

"Elizabeti, ukazula limeneli, wazula ana anga pamudzi pano."

Chikhalire anali asananditchulepo dzina. Tinabwerera ndi mitolo yathu, osaimbanso. Sindibisa, ndinawanena njira yonse: ati kunyada, ati mapepala a m'tauni sadyedwa, ati akana dzanja la mpingo. Lamulungu kutchalitchi anakhala okha benchi yonse.

Masiku anapita. Asanu, asanu ndi atatu, woyendera osaoneka. Kholowa wathu anagwira, kwa iwo kulibe ngakhale mzere umodzi, mvula nayo ikuchepa. Mapesi anayamba kuwola, iwo m'mawa uliwonse ali pamalire kuingitsa mbuzi za eni. Ndinawaona akuwonda, ndipo mkwiyo wanga unasanduka mantha, chifukwa kampaniyo ikanakana akanataya zonse, chimanga ndi mbatata yomwe.

Tsiku la khumi ndi chimodzi kunalira njinga yamoto. Anali a Alexio, woyendera uja, matope mpaka m'mawondo. Anayenda mzere ndi mzere m'munda mwa a Faines, kuwerenga mapesi ndi kujambula pafoni. A Faines anamasula kansalu, n'kutulutsa mapaketi a mbewu ndi lisiti, zonse zili gwa, zosanyowa n'komwe.

Kenako bamboyo anafika kwanga. Anayang'ana kholowa wanga wobiriwira bwino uja n'kufunsa, "Nanga chimanga chowonongekacho chili kuti, mayi?" Ndinaloza pomwe tinaunjika mapesi, ng'ombe zitadya kalekale. Anangopukusa mutu. Paja amati safunsa anadya phula, ndipo phula lake ndinalidya ine, pepala lili phee m'Baibulo.

Mbali yathu yonse ya phiri, amene anabwezeredwa anali a Faines okha. Mu Ogasiti ngolo inafika itanyamula matumba a feteleza ndi mbewu, n'kuima pakhomo pawo. Nthungululu yoyamba inali yanga, manyazi ndinawasiya m'nyumba. Njala ya chaka chimenecho inawapweteka ndithu, anadya za ganyu ndi mbatata yomwe ndinkawapititsira, koma munda sanabwereketse.

Mu Okutobala lole ya ku esiteti inabwera kudzatenga matenanti. Kapitawo wake, yemwe anali atamva kale za mavuto awo, anaimitsa pamsewu n'kukuwa, "Mayi Chikadza, tiyeni, malo alipo!" Ine ndinali nditangofika pamalire pomwe paja ndi khasu langa, iwo ali m'kati mogalauza. Anaweramuka n'kupukuta thukuta.

"Pitani bwino, bambo! Ine munda ndili nawo!"

Lole itachoka anatembenukira kwa ine, n'kuloza khasu lija, maso ali ndi misozi koma akuseka.

"Lowani, amake Tamanda. Lero ndakulolani."