Zofunda za Mwana Wathu pa Okushoni

Amuna anga atapuma ntchito yoyendetsa thirakitala kumunda wa nzimbe, anagula minibasi yakale kwa munthu wina wa pa Dwangwa pompano. Anthu ankayesa kuti ayamba kunyamula anthu pamsewu, koma iwo anazula mipando yonse yakumbuyo, nayala matabwa, n'kuikapo matiresi. Ine ndinasoka makatani a zitenje zakutha. Pakona tinaikapo mbaula, chigubu cha madzi ndi katoni ya mbale. Anzawo ankawaseka kuti amanga nyumba ya matayala ngati kuti ya njerwa yawakana. Galimotoyo inali yoti tizigonamo tikapita kukaona mwana wathu wamkazi.

Mwanayo anali yekha wamkazi pakati pa anyamata. Anakulira pakhonde pamene ine ndimasokera, ndipo singano anaigwira asanadziwe kulemba dzina lake. Pakhonde pomwepo ndi pamene anakumana ndi mnyamata wina wofatsa amene ankazungulira kwa matelala kupempha tizidutswa ta nsalu totsala, n'kumatiika m'thumba panjinga. Mnyamatayo anali wa mpingo wina umene anthu ake amakhala paokha kumapiri, kuseri kwa Dwambazi, kumene msewu umathera. Anthu amenewo sagwira foni, samvera wailesi, sayenda ulendo pagalimoto, ndipo kuchipatala sapondako. Ukwatiwo tinaukana, ankhoswe anayesetsa, koma mwana anali atakula ndipo anali atayamba kale kupemphera nawo. Anapita.

Kumudziko munthu wakunja sagona. Ukafika masiku wamba umaima pamtengo wa mkuyu umene uli kumalire, n'kutuma uthenga, m'bale wako n'kubwera kudzacheza nawe pang'ono. Koma akamaliza kukolola amachita okushoni ya zofunda, ndipo pamenepo amatsegula bwalo lawo kwa masiku awiri. Akazi a mumpingomo amasoka zofunda za zigamba chaka chonse, ndi manja okha, kulumikiza tizidutswa tija, thonje lawolawo n'kuika m'kati. Eni malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amabwera kudzagula, ena amachokera ku Lilongwe. Madzulo onse amabwerera. Ife tinkaimika minibasi kunja kwa bwalo, n'kugona momwemo kuti m'mawa timuonenso mwana.

Chaka choyamba ndinangoti kukamwa yasa. Zofunda zinali zitayanikidwa pazingwe kuchoka pamtengo wa mango kufika pa unzake, zofiira, zachikasu, zobiriwira, pamene osokawo onse anavala nsalu yotuwa ndi duku loyera. Mkulu wina wandevu ankaima pangolo, opanda chokuzira mawu, n'kumatchula mitengo, akagulitsa n'kumenya thabwa ndi ndodo. Dzina la wosoka satchula, akuti kumeneko n'kudzikuza. Koma ine sindinasowe wondiuza. Mwana wanga anali wamanzere, ndipo ulusi wake unkapendekera mbali ina kusiyana ndi wa anzake. Ndinayenda chingwe ndi chingwe ndikutembenuza m'mphepete mpaka ndinapeza chofunda chake. Ndinawakodola abambo ake, iwo n'kumakweza dzanja mpaka thabwa linalira. Usiku umenewo tinafunda chofunda chomwecho.

Zaka zingapo zinadutsa choncho. Tinkanyamuka m'mamawa, kudutsa minda ya nzimbe, kugula usipa wouma ndi sopo pa Dwambazi, kenako n'kukhotera kumsewu wafumbi. Minibasiyo inkatentha pachitunda, ndiye tinkaima kuti izizire, ine ndikuphika tiyi m'mbali mwa msewu. Mwana anabereka mtsikana, kenako mnyamata. Ankaoneka wokondwa, zimenezo sindingabise. Anali atanenepa, ndipo mwamuna wake ankamulankhula mwaulemu. Ndinayamba kudziuza kuti mwina tinkangoopa pachabe.

Chaka chimene zinthu zinatembenuka, mwana wathu anabwera kuminibasi masana, okushoni ili m'kati, wamng'ono ali kumsana, wamkulu akumugwira chitenje. Akulu a mpingo ankalola kuti akhale m'galimoto yoima. Pomutsitsa mwana kumsana ndinaona kuti akugwiritsa ntchito dzanja limodzi, ndipo atakhala pamatiresi ndinamva kafungo kamene ndinakadziwa, chifukwa ndinadwazikapo mkulu wanga. Ndinamufunsa. Anayamba wakana, kenako anakoka katani, n'kumasula mabatani. Bere lakumanja linali litauma gwa, ndipo chotupa chinali chitaphulika m'munsi. Anali atamangapo kansalu koyera, kochapa bwino.

Ndinamuuza zonse zimene ndinkadziwa. Ndinamukumbutsa za mayi ake aakulu, amene anawachita opaleshoni ku Lilongwe ndipo mpaka lero akulima mpunga ku Chia. Ndinamuuza kuti matendawa sadikira munthu. Iye ankangogwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kunena kuti akulu amamupempherera ndi kumudzoza mafuta, ndipo masiku ena ululu umachepa. Ndinagwada m'galimoto momwemo, ine mayi wake, ndikumugwira mapazi.

Abambo ake anali pampando woyendetsera, ndipo anamva zonse. Chitseko chinali chotseka, ana onse awiri ali m'kati. Ndinaona maso awo pagalasi. Kenako ndinamva injini yalira.

Mwana wanga sanakuwe, sanathamangire kuchitseko. Anangomangiranso mabatani ake n'kunena kuti, "Ababa, zimitsani. Mukandifikitsa kuchipatala ndikakana pamaso pa adokotala, ndipo ndidzabwerera kuno wapansi ndi anawa. Mukufuna ndiyende mtunda wonsewo?"

Injini inalirabe kwa kanthawi. Kamtsikana kaja kankaseka, kukondwa ndi kunjenjemera kwa galimoto, chifukwa kanali kasanakumvepo. Abambo ake anazimitsa, natuluka, n'kupita kukaima kuseri kwa galimoto. Sindinawatsatire.

Madzulo tinamuitana mkamwini. Ndinali nditakonza mawu owawa, koma anabwera n'kukhala pansi pafumbi, chipewa chili m'manja, misozi ikutsika. Anati iye sanamuletse. Anati anamufunsapo yekha, kuseri, ngati akufuna kupita kwa makolo ake kuti akamuthandize, ngakhale ankadziwa kuti akatero mpingo uwachotsa onse awiri. Mkaziyo ndi amene anakana. Abambo ake anamufunsa ngati iyeyo amakhulupirira kuti achira. Anayankha kuti, "Apongozi, ine sindidziwa. Iyeyu chikhulupiriro chake n'chachikulu kuposa changa." Ndinasowa womukalipira.

Titabwerera kunyumba tinayenda paliponse pamene tinkaganiza. Tinapita kwa a zaumoyo, tinapita kupolisi, tinakafika ndi kwa abusa athu. Onse anatilandira bwino, ndipo onse ananena chimodzimodzi, kuti munthu wamkulu amene mutu wake ukuyenda bwino sakakamizidwa kulandira mankhwala. Akanakhala mwana wamng'ono bwenzi atalowererapo. Namwino wina wachifundo anandiphunzitsa kutsuka bala lotere, n'kundilembera mankhwala ochepetsa ululu oti ndikagule. Alongo ake anafuna kupita ndi anzawo kuti akamutenge mwamphamvu. Abambo awo anawaletsa, n'kuwauza kuti iwo anayesa kale.

Kuyambira pamenepo minibasi sinkakhalitsa pakhomo. Tinkapita pamkuyu paja pafupipafupi, n'kutuma uthenga, n'kudikira. Nthawi zina ankabwera, akuyenda mopendekera. Sopo ankalandira, nsalu zomangira ankalandira, shuga ankalandira. Mapilitsi ankandibwezera m'dzanja, n'kufumbatitsa zala zanga ndi zake. Tsiku lina ndinawabisa m'thumba la ufa, ndipo ulendo wotsatira ndinawapeza atakulungidwa bwinobwino m'kansalu, osachotsapo ndi limodzi lomwe. Sanandidzudzule. Anangofunsa ngati makina anga akusokabe bwino, ndiponso ngati mlongo wake wamng'ono anapeza ntchito.

Mvula itayamba msewu unaduka pakamtsinje kena, ndipo miyezi imeneyo tinalibe njira yomvera chilichonse. Ndinkakhala pakhonde ndi nsalu za anthu, phazi lili pamakina, osaponda. Makasitomala ena anatenga nsalu zawo n'kupita kwina. Abambo ake ankangokhalira kutsegula injini ya minibasi, kumasula ichi, kumanga icho, galimoto yopanda vuto.

Okushoni yotsatira tinafika msanga kuposa aliyense. Ndinayenda m'zingwe muja, ndipo chofunda chake ndinachipeza chapakati. Chinali cha nsalu zabuluu ndi zachikasu. Mbali imodzi ulusi unali wake, wopendekera kuja, koma utafika pakati unayamba kutalikirana, kenako unatha. Mbali yotsalayo anamalizitsa anthu ena, manja osiyanasiyana. Ndili chiimire pamenepo, mayi wina wachikulire wa duku loyera anandigwira pamkono. Anali apongozi ake a mwana wanga. Anati akulu agwirizana kuti ine ndekha ndilowe m'mudzi.

Aka kanali koyamba kuona nyumba yake. Inali yozira bwino, yosesedwa, pawindo pali kabotolo ka maluwa a m'tchire. Anagona pamphasa yoyalapo zofunda zingapo, atatha thupi moti ndinamuzindikira ndi maso okha. Akazi anayi anali naye. Wina ankamukupiza, wina ankamunyowetsa milomo ndi kansalu, ndipo ndinamva kuti amasinthana usana ndi usiku, osamusiya yekha. Bala linali lotsukidwa kuposa mmene ine ndikanatsukira. Ndinalowa m'nyumbamo ndili ndi mkwiyo umene ndinausunga dzinja lonse, koma nditaona manja awo sindinadziwe pouika.

Ululu ukamugwira ankaluma chitenje, akaziwo n'kuyamba nyimbo motsitsa. M'chikwama mwanga munali mapilitsi. Nditaona kuti akupindika ndinamunong'oneza kuti amwe limodzi lokha, palibe amene adziwe. Anatsegula maso n'kunena kuti, "Amayi, musandivutitse lero. Ndiwengeni zikhadabo, zakula." Ndinabwereka lezala n'kumuwenga, chala chimodzichimodzi, manja ndi mapazi omwe. Anagona tulo ndisanamalize.

Nditabwerera kubwalo ndinapeza chofunda chija chili kale m'manja mwa mkulu wa pangolo. Abambo ake ankakweza dzanja, ndipo mayi wina wa malo ogona alendo ankakwezanso. Mayiyo sankadziwa kanthu, anangochikonda. Mtengo unakwera mpaka unapitirira zonse zimene tinali nazo, ndipo ndinaona dzanja la amuna anga likutsika. Ndinaganiza zopita kukamufotokozera, koma sindikanatha kutchula mawuwo pagulu. Mayiyo anachipinda, nachiponya kumbuyo kwa galimoto yake pamodzi ndi zina, n'kunyamuka.

Tinachoka tsiku lachiwiri, chifukwa lamulo la masiku awiri silinasinthe. Abambo ake sanaloledwe kulowa, choncho sanamuone. Panjira anandifunsa kuti ali bwanji, ndipo ndinawauza zoona. Anayendetsa mpaka pa Dwambazi, n'kuima pambali pa msewu nthawi yaitali, manja ali pachiwongolero.

Uthenga unatipeza patapita masabata ochepa. Anabwera nawo ndi bambo wina wa mumpingomo amene tsopano ndiye ankatolera tizidutswa kwa matelala. Anatsika panjinga, navula chipewa, ndipo ndinadziwa asanatsegule pakamwa. Iwo amaika maliro tsiku lomwelo, ndiye pamene ankatiuza n'kuti ataikidwa kale dzana lake. Tinakhala maliro kunyumba kwathu opanda thupi, anansi ndi a kutchalitchi kwathu akuimba pakhonde. Kenako tinapita, ndipo ulendo umenewu anatilola tonse kukafika kumanda. Panalibe mtanda kapena dzina, mulu wa dothi lofiira basi. Mkamwini ndiye anatilozera.

Ana tinawapempha, koma bambo wawo ali moyo ndipo amawasamala, ndiye panalibe chonena. Timapitabe ku okushoni chaka ndi chaka, chifukwa ndi masiku okhawo amene timakhala nawo tsiku lathunthu. Minibasi yakalamba, chitunda chija imakwera movutika, ndipo maso a amuna anga ayamba kuchita khungu, moti mmodzi mwa ana athu aamuna ndi amene amatiyendetsa. Zidzukulu zimabwera, timazidyetsa mabanzi ndi tiyi wamkaka. Ndikamazisisita ndimakhala ndikuzifufuza m'khosi ndi m'mimba, kuyang'ana m'maso ngati muli magazi. Ndikapeza kanthu sindidziwa kuti ndidzachita chiyani.

Chaka chathachi anawo anabwera ndi mkazi wina wachitsikana, wamanyazi, atasenza lichero la mtedza. Mkamwini anali atakwatiranso. Mkaziyo anagwada pakhomo pa minibasi, natula licherolo, n'kundiuza kuti kamnyamata kanadwala malungo m'dzinja koma kanachira, ndiponso kuti kamtsikana kamakana kudya therere. Anandifunsa kuti mayi wake ankakonda ndiwo zanji ali wamng'ono, kuti mwina ayesere zomwezo. Ananditchula kuti amayi. Ndinamuuza kuti chisoso chotendera, koma asachulutse mtedza. Anamvetsera bwinobwino, nabwereza kuti asaiwale, kenako ananyamuka kupita kukathandiza anzake kupinda zofunda zimene zinali zitagulidwa.