Dzina Lofiira pa Ukonde wa Bambo Yeom

Bambo Yeom Gap-su ukawapatsa moni, amayamba aganiza kaye kuti ukufuna chiyani, kenako n'kuyankha. Si munthu woipa ayi. Kungoti anagwira ntchito yoyendera matikiti pa depoti ya mabasi opita ku Busan kwa zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo kumeneko anaphunzira kuti aliyense womwetulira ali ndi chimene wabisa m'thumba. Akazi awo, Mayi Do, amene amagulitsa tinsomba touma pafupi ndi benchi langa la tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, amati tsiku la ukwati wawo bambowa anawerenga chikalata kawiri asanadinde.

Atapuma pantchito tinawasankha kukhala mlembi wa bungwe la ogulitsa mumsika mwathu. Tinaona kuti munthu wosakhulupirira aliyense sangakondere aliyense.

Chimene chinawaimitsa mutu ndi denga. Denga la msika wathu linkadontha kuyambira kalekale, ndipo podontha kwambiri panali pamwamba penipeni pa tinsomba ta Mayi Do. Nsomba youma ikanyowa, okuthokoza ndi amphaka okha. Chaka chatha khonsolo inati itikhomera denga latsopano, bola ogulitsa makumi anayi mwa makumi asanu ndi limodzi adinde zidindo za maina awo pa chikalata chovomereza Meyi asanathe. Apo ayi, dengalo lipita ku msika wina. Patatha masabata awiri, zidindo zinali zisanu ndi zinayi zokha, kuphatikizapo cha Mayi Do ndi changa.

"Alipo amene akuwakaniza," anatero Bambo Yeom. "Munthu sakana yekha chinthu chaulere."

Anali atangochokera ku maphunziro a masiku atatu a alembi a m'misika. Kumeneko anawaphunzitsa pulogalamu ya pakompyuta yojambula ubale wa anthu amene ntchito ikuwakhudza. Munthu aliyense amakhala kadontho kokhala ndi dzina, ndipo awiri akamagwirizana umawalumikiza ndi mzere. Pamapeto pake pamatuluka chinthu chonga ukonde wa kangaude, kompyuta n'kukuonetsa amene ali pakati. Alembi ena akuti ankaodzera m'kalasimo. Bambo Yeom anaona ngati apeza m'bale wawo wotayika.

Ndiye anayamba kuima kuseri kwa chipilala ndi kabuku. Ankalemba amene amadyera limodzi masana, amene amapita limodzi kunyumba yosambirako Lachiwiri, amene ana awo anakwatirana, ngakhale amene amabwerekana mipeni. Iwo ankayesa kuti sakuoneka, chonsecho chipilalacho n'chochepa kuposa mimba yawo.

"Achemwali, mwawaona alembi athu?" anandinong'oneza Mayi Bang ogulitsa ndiwo za m'nyanja. "Akutiwerenga ngati nkhuku zopita kokaphedwa. Ine ndamva kuti msika augwetsa, amange nyumba zosanja. Za dengazi n'zotitseka m'maso."

"Mwamva kwa ndani?"

"Kwa inu nomwe, dzulo."

N'zoona, ndinanenapo mongoyerekeza. Pofika madzulo mmodzi mwa odinda aja anapita kukafunsa ngati chidindo chimafufutika.

Lachisanu Bambo Yeom anaitana akazi awo ndi ine mu kaofesi kawo, n'kutseka chitseko. Pa kompyuta panali ukonde uja, ndipo mizere pafupifupi yonse inkakumana pa kadontho kamodzi: Mayi Pyo Mal-sun, a zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, ophika msuzi wa nkhumba pakhomo la msika. Sali mu komiti, ndipo pamsonkhano salankhula.

"Kangaude wathu ndi ameneyu," anatero. "Aliyense amapita kwa iwo, ena kawiri pa tsiku. Amakanena chiyani?"

"Bambo a Eun-sil," anatero akazi awo, powaitana ndi dzina la mwana wawo, "a Pyo ndi amene amasunga kiyi wa kuchimbudzi."

Bambo Yeom anatsinzina diso limodzi. "Nanga anawapatsa ndani kiyiyo?"

Mawa lake masana anaitanitsa msonkhano kuti aonetse anthu umboni. Anazimitsa magetsi, n'kuwalitsa ukonde wonse pakhoma. Poyamba tinasangalala, aliyense akufufuza dzina lake. Kenako phokoso linatha ngati wina walimwetsa madzi. Pulogalamu ija imapaka yokha mtundu wofiira dzina la munthu wa mizere yambiri, ndipo Bambo Yeom anali ataliyang'ana masiku ambiri moti sankalionanso. Pakati pa khoma, m'zilembo zazikulu ngati dzanja, panali dzina la Mayi Pyo, lofiira psuu.

Ngakhale mwana wa mkaka amadziwa kuti dzina la munthu wamoyo sililembedwa mofiira. Zofiira n'za omwalira. Ndiye tonse tinkadziwanso kuti sabata yomweyo Mayi Pyo anali kuchipatala kokapimitsa mtima.

Mayi Pyo anaimirira pang'onopang'ono, akupukuta manja pa epuloni. Iwo anawadziwa Bambo Yeom kuyambira bamboyo ali kamwana ka mamina, choncho za ulembi anaziika pambali.

"Iwe Gap-su, maliro anga ali liti? Undiuziretu, ndiphikiretu msuzi wa olira."

"Si ine, amayi. Ndi kompyuta."

"Nanga kompyutayo ndinaimana chiyani?"

Apa munthu wanzeru akanagwada. Bambo Yeom anati, "Komatu amayi, chidindo chanu chimene mumadinda, inki yake si yofiiranso?"

"Chidindo ndimadinda ndekha, ndi dzanja langa. Ilo walemba ndiwe."

Anatuluka. Mayi Bang anatsatira, kenako ogulitsa nyama, kenako msika wonse, mipando ili kwekwerere. Tinatsala atatu.

"Mwaona?" ananong'ona Bambo Yeom, maso akuwala. "Kompyuta sinaname."

Akazi awo anawamenya ndi thumba la tinsomba.

Lolemba kunagwa mvula, mabokosi awiri a Mayi Do n'kunyowa, ndipo kunatsala masiku anayi. Mayi Do sanakalipe. Anangogula bokosi la maapozi, n'kuliika m'manja mwa amuna awo pamodzi ndi kompyuta ija, n'kuloza kukhomo la msika. Ine ndinakumbukira mwadzidzidzi kuti ndikufuna kiyi.

Atafika kwa Mayi Pyo, Bambo Yeom anawerama mpaka magalasi anatsala pang'ono kugwera mumphika. Anatsegula kompyuta, n'kusintha dzina lija kukhala lobiriwira Mayi Pyo akuona. Mayiwo ankayang'ana mizere, atakwinya nkhope.

"Uyu wamulumikiza ndi Bang ndani? Awa sanalankhulane chiyambire nkhani ya galu ija. Fufuta. Nanga wa mazirayu n'kumusiya yekha, sudziwa kumene amagula tofu tsiku ndi tsiku, chonsecho sadya tofu?"

Pamenepo ine ndinayang'ana kumbali.

Anakonza ukondewo masana onse, msuzi kutsala pang'ono kupserera. Za mumsika zimene ndinamva tsiku limenelo, ine amene ndimati ndimadziwa zonse, zinandichititsa manyazi. Pomaliza anafunsa, "Nanga iwe uli pati?"

Bambo Yeom sanadziikemo. Atawakakamiza anaika kadontho kawo pakona, ndipo ataganiza nthawi yaitali anajambula mzere umodzi, wopita kwa akazi awo.

"Munthu wa mzere umodzi," anatero Mayi Pyo, "wobisala kuseri kwa chipilala ndi kabuku, ukuti tikupatse zidindo zathu? Ifetu timayesa wagulitsa msika."

"Bwanji simunandifunse?"

"Iwe unatifunsa?"

Anawathirira msuzi m'mbale, n'kuwaimirira mpaka anamaliza. "Tsopano jambula wachiwiri." Atatero anatulutsa chidindo chawo m'thumba la epuloni, anachiuzira mpweya, n'kudinda. Chikalatacho sanawabwezere. Anachipachika pa msomali womwe uja wa kiyi wa kuchimbudzi, ndipo sanauze munthu aliyense kuti adinde. Ankangomuyang'ana wofuna kiyiyo, osafulumira. Pofika Lachinayi zidindo zinali makumi asanu ndi ziwiri.

Denga analikhoma mu Seputembala, ndipo tinsomba ta Mayi Do tsopano timauma mpaka kulira m'manja. Bambo Yeom amadya msuzi kwa Mayi Pyo Lachiwiri lililonse, ndipo mizere yawo akuti yafika isanu ndi umodzi. Dzana ndinawapeza ataima pakati pa msika, akuyang'ana m'mwamba, kufufuza podontha kunja kuli dzuwa.

"Denga labwinotu, alembi," ndinatero.

Anayang'ana uku ndi uku, n'kuyandikira. "Mayi aja anavomera msanga kwambiri," ananong'ona. "Chilipo chimene akufuna."