Tsiku Limene Amalume Anapambana

Kaseti ija inali yakuda, yong'aluka pakona, ndipo pakapepala kake panali mayina asanu olembedwa ndi bolopeni yofiira. Amalume ankaisunga m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, chifukwa kukomboni kwathu ku Kanyama mvula ikagwa madzi sapempha odi. Munali nyimbo za gulu lawo la kalindula, limene ankaliziramo gitala ya besi m'zaka za m'ma 80. Kaseti ina yotero kunalibe kwina kulikonse.

Dzinja limenelo ndinali kamtsikana ka zaka khumi. Amalume anabwera kudzakhala nafe ataonda kwambiri, lamba wawo atamuboola mabowo atsopano ndi msomali. Amayi ankati ndi chifuwa chabe, ine n'kukhulupirira.

Masana aliwonse aphunzitsi a nyumba yoyandikana nafe ankawoloka bwalo modumpha pa njerwa zimene tinandandalika m'madzi, nsapato zili kumanja. Asanakhale n'komwe pansi, mkangano unali utayamba: ndani ankalamulira nyimbo m'ma 80? Aphunzitsi ankati oimba rumba a ku Zaire. "Kuchoka ku Matero kufika ku Chawama, mu bala iliyonse venze kulila ni va ku Zaire." Amalume ankadzuka pamphasa ngati sakudwala. "Ba Tichala, imwe mwenze kuvina vinthu vamene simumvela. Ise tikaliza, bantu benze kuibala na nsapato."

Ankaponyerana mayina a magulu mpaka amalume atatsamwa ndi chifuwa. Akapeza mpweya, ankanditumiza chitini chija. M'nyumba mukununkha matope ndi utsi wa makala onyowa, besi inkagunda mpaka sipika ya wailesi kunjenjemera. Aphunzitsi ankapukusa mutu, koma phazi lawo linkawaulula.

Ine kalindula ndinkaiyesa nyimbo za nkhalamba. Anzanga onse ankavina rumba yatsopano, ndipo mmodzi anandiphunzitsa kuti ukatseka timabowo tiwiri ta pamwamba pa kaseti ndi pepala lotafuna, imajambulanso. Tsiku limene amayi anaperekeza amalume kuchipatala, ndinakwera pampando, ndinatseka timabowo, n'kudina batani lofiira rumba itayamba pawailesi. Ndinkati ndijambule imodzi yokha. Ndinavina mpaka mbali yonse inadzaza, kenako ndinatembenuza. Kutembenuza kumeneko ndiko sindinadzikhululukirebe mpaka lero.

Mawa lake mkangano unafika pamene unkafika nthawi zonse. "Mvelani besi iyi," anatero amalume, akudina batani. M'malo mwa besi munatuluka rumba, pamwamba pake muulutsi akupereka moni kwa anthu osawadziwa. Aphunzitsi anayamba kuseka, n'kulekera panjira. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, dzanja litakwera kale.

"Musiyeni mwana," anatero amalume.

Anapititsa kaseti kutsogolo, kuibweza, kuitembenuza, kufunafuna. Kumapeto kwenikweni kunatsala kachidutswa: munthu akuseka, wina akuti, "Tibweleze." Basi. Anaitulutsa n'kuyendetsa chala pa mayina aja. "Uyu anayenda. Uyu anayenda. Uyu nayeve. Uyu tinashika kumanda chaka chatha." Chala chinaima pa dzina lachisanu, limene linali lawo.

Kuyambira pamenepo ankadzuka mochedwa, tsiku lina osadzuka n'komwe. Ine ndinkayenda monyang'ama, manyazi akundidya, ndikupemphera kuti andimenye zithe.

Patapita sabata aphunzitsi anabwera monga mwa masiku onse. Amalume anali chigonere, koma anadzikoka mpaka kutsamira chigongono.

"Nanga ba Tichala," anatero ndi mawu otsalira, "ma Zaire yanu yaja?"

Aphunzitsi anayang'ana nsapato zawo nthawi yaitali. "Iyayi, mudala. Mwenze imwe. Kalindula ndiye yenze kulamulila."

Ndinaomba m'manja. Ndinasangalala zenizeni, poganiza kuti mlandu wanga watha, popeza amalume apambana ngakhale popanda kaseti. Koma iwo anayang'anitsitsa aphunzitsi, ngati akudikira kuti abweze mawu. Ataona kuti sakubweza, anagona n'kutembenukira kukhoma. Amayi anatuluka panja, pamvula, opanda chofunda.

Tinawaika m'manda madzi asanaphwe m'bwalo. Masiku onse a maliro ndinkadabwa chinthu chimodzi: munthu wopambana angakwiye bwanji? Ndinali ndisanadziwe kuti mnzako akasiya kukangana nawe, ndiye kuti wayamba kukutsanzika.