Nambala ya Malemu Isatsekedwe

Tsiku limene abwana anamuitana kachiwiri, mtsikana wathu anakalirira kuchimbudzi, atatsegula mpopi kuti anzake asamve. Inu amene mukuona ngati dziko lakufulatirani, tamverani za iyeyu.

Anali mwana wamasiye, woleredwa ndi azakhali ake, telala wa pakhonde la sitolo. Mayeso a kusekondale anakhoza maphunziro onse, Chingerezi chokha n'kumugwetsa. Ntchito anaipeza mwamwayi pa kampani ina ya mafoni, m'chipinda chachikulu chopanda mawindo, momwe anthu amakhala m'mizere, mahedifoni kumutu, kuyankha madandaulo a makasitomala. Anamulemba mongomuyesa kaye. Lamulo lalikulu linali lakuti pafoni ndi Chingerezi basi, komanso osachedwetsa mzere.

Koma abale, Chingerezi cha mwanayu chinali cha m'buku. Polemba bwinobwino, koma kasitomala akangokweza mawu, lilime gwa! Anzake anamupatsa dzina loti Achibwibwi, ndipo anthu ena nkhanza amaziyesa nthabwala. Abwana, mayi wa magalasi wosaseka wamba, sanapsatire mawu: "Mwezi uno ukatha usanasinthe, tisiyana."

Kunyumba azakhali sanamunyengerere. "Iwe, misozi yakoyo itidyetsa? Pukuta m'maso. Kuyambira lero kasitomala wako ndine."

Azakhali amenewa Chingerezi sankachidziwa, ngakhale cha moni. Koma akaweruka ankagwira sizasi kukhutu ngati foni n'kuyamba kukalipa, mtsikana akuyankha m'Chingerezi. Akatopa ankati, "Kaya wandiyankha bwino, kaya wanditukwana, ine sindikudziwa. Koma lero sunanjenjemere. Tibwerezenso." Ankaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo lilime lija linayamba kumasuka pang'onopang'ono.

Mwezi uli pafupi kutha, tsiku lina masana kunaimba bambo wachikulire. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka: mkazi, kumwalira, foni. Pakompyuta panaoneka kuti anali ataimbapo kale, ndipo amene anawayankha anayambitsa zotseka nambala ya malemuyo, monga kampani imachitira munthu akamwalira. Chinatsala n'kudina batani. Mtsikana anayamba kuwerenga mawu okonzedwa kale oyankhira makasitomala, bwinobwino, osaphonya. Ali mkati anamva bambo aja akudandaula chapansipansi, m'chilankhulo chomwe iye amayankhula ndi azakhali ake: "Mayo ine, andimva ndani?"

Mtsikana ankadziwa kuti foni iliyonse imajambulidwa ndipo abwana amamvetsera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero akuluakulu, ndipo fodya wa mwanayu anali ntchitoyi. Koma kwawo woferedwa suyamba ndi kumufunsa nambala. Anasiya Chingerezi n'kuwayankha m'chilankhulo chawocho.

"Pepani bambo, pepani ndi zovutazi. Amayi anatisiya liti?"

Bambo aja anayamba kusisima. "Mwana wanga, kodi ndiwe wakwathu? Ine sindikufuna mutseke ayi. Mnyamata wathu anachoka pakhomo kalekale titayambana, ndipo nambala yomwe amaidziwa ndi ya amayi akeyi. Mukaitseka, tsiku limene adzafune kubwerera adzaimba kuti?"

Mtsikana anaimitsa zotseka zija. Anawafotokozera modekha zoti atenge popita kusitolo ya kampani kuti nambalayo ilembedwe m'dzina lawo, n'kubwereza mpaka anamvetsa. Nthawi yonseyi kanyali kofiira kosonyeza kuti wachedwetsa kanali kakuphethira. Potsanzika bambo aja anamudalitsa.

M'mawa mwake abwana anamuitana kachitatu. Anapita chikwama chili kale paphewa, kapu yake ya tiyi ili momwemo. Abwana anatsegula mawu ojambulidwa aja, awiriwo n'kumvetsera mpaka kumapeto. Kenako anavula magalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyankhula m'chilankhulo chomwecho.

"Lamulo waphwanya, ndipo chenjezo ndikupatsa, sindingachitire mwina. Koma chikwamacho tula. Mawu awa ndipita nawo kwa akuluakulu a kampani akadzimvere okha."

Mwanayu anangoti, "Zikomo amayi, zikomo," misozi ili chuchuchu, ulendo uno osaibisa.

Musaganize kuti zinasintha tsiku lomwelo. Akuluakulu anayamba akana, amvekere zimenezo zichedwetsa ntchito. Nthawi yomuyesa anaiwonjezera, ndipo mwezi uliwonse unkatha mtima uli m'mwamba. Iye sanafooke. Chingerezi anapitiriza kuchinola, madandaulo ovuta omwe ena ankawazemba iye ankawalandira. Abwana nawo sanatope kugogoda mpaka chitseko chinatseguka: kampani inavomera kuti woimba azisankha yekha chilankhulo. Tebulo loyamba la mzere watsopanowo analipereka kwa mtsikana wathu, pamodzi ndi ntchito yokhazikika.

Lero mzere umenewo wadzaza chipinda chonse, ndipo amene amaphunzitsa obwera kumene ndi iyeyo. Mukamuyamikira amakana msanga. Amati paokha manja ake sakanakwanitsa, anamunyamula ndi anthu, ndipo tsiku silidutsa osawathokoza.

Kaya mnyamata wolowerera uja anaimba, iye sakudziwa mpaka lero. Chimene akudziwa n'chakuti akadzaimba, foni idzalira ndipo bambo ake adzayankha.

Ndiye inu amene amakusekani mukatsegula pakamwa, limbikirani, chilankhulo chinacho phunzirani ndithu, koma chimene munayamwa musachite nacho manyazi. Mtima usagwe. Kwinakwake kuli munthu amene akufunsa kuti andimva ndani, ndipo womumvayo mwina ndinu.