Chaka Chimene Ndinaleka Kupalira Chifukwa cha Ulaliki

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinawononga munda wa amayi, mtima uli m'malo, ndikukhulupirira kuti tchalitchi chili kumbali yanga. Tinkakhala ku Chinsapo m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Monga mabanja ambiri a m'tauni amene sanasiye khasu, tinali ndi kamunda cha ku Likuni, ulendo wa mphindi makumi anayi wapansi. Kanali ndi mizere makumi asanu ndi iwiri. Ndikudziwa chifukwa ndinaiwerenga kangapo, nthawi zonse ndili wokwiya. Mvula ikagwa bwino tinkakolola matumba asanu ndi awiri, ndipo ankatifikitsa mwezi wa Febuluwale osagula ufa pamsika.

Khirisimasi itangodutsa, unabwera uthenga woti agogo adwala kwambiri ku Dedza. Amayi anamanga katundu kuti akadwazike. Bambo anali kalipentala ku Biwi, ankalawira m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, choncho zakumunda zinagwera ine, mwana woyamba.

"Tadala, mizere itatu pa tsiku, basi," anatero amayi pokwera minibasi. "Ine pobwera ndidzangothira feteleza wobereketsa. Wamva?"

Ndinamva. Masiku awiri oyamba ndinapalira mizere isanu ndi umodzi, m'manja n'kutuluka matuza. Tsiku lachitatu linali Lamulungu.

Ankalalikira anali a Mkandawire, mkulu wa mpingo wochokera kumpoto, amene anapuma ntchito ya ukalaliki. Anawerenga fanizo la munthu amene anafesa tirigu, mdani wake n'kudzafesamo namsongole. Antchito atapempha kuti akazule udzuwo, mwini munda anawaletsa, poopa kuti angazule ndi tirigu yemwe, ndipo anawauza kuti adikire nthawi yokolola. A Mkandawire anatseka buku, anavula magalasi, n'kutiyang'ana.

"Tirigu inu simumudziwa, mumangodziwa buledi wa pa okala. Tiyeni tinene chimanga."

Anthu anaseka. Alaliki athu amachita zimenezi kawirikawiri: ngamila imasanduka ng'ombe, mpesa umasanduka nthochi, kuti mawu afike pakhomo. Koma tsiku limenelo mawu anafika pakhomo polakwika. "Musazule!" anakuwa a Mkandawire, akumenya gome. "Musazule! Chimanga ndi udzu zikulire limodzi! Musazule!" Ndinawerenga, ananena katatu. Ndinayang'ana matuza anga, ndipo ndinamva ngati kumwamba kwandiyankha ndisanapemphe.

Ulaliki unapitirira mphindi zina makumi atatu. M'menemo ndi mmene anafotokozamo kuti munda ndi dziko, udzu ndi anthu, ndipo kuweruza si ntchito yathu. Izi ndinazimva pambuyo pake kwa anthu ena. Ine ndinali nditatola kale changa, maganizo ali pa fulaye amene anzanga ankasewera pabwalo tsiku lililonse ine ndili kumunda.

Kwa milungu itatu khasu linakhala kuseri kwa chitseko. Bambo akafunsa kuti kumunda kuli bwanji, ndinkayankha kuti zikukula. Silinali bodza. Ndinapitako kamodzi kukathyola bonongwe wa ndiwo, ndipo Anachisale, amene munda wawo unachita malire ndi wathu, anaimika khasu.

"Iwe mwana wa Anaphiri, udzuwu ukuuweta?"

"Tidzazula pokolola. Kutchalitchi anatero."

Anapukusa mutu, n'kuweramanso.

Amayi anabwera Januwale ali chakumapeto, agogo atapezako bwino. M'mawa mwake anasenza feteleza pamutu, ine pambuyo. Titafika anaima, osatula. Chisoso chinali chitachita maluwa. Khovani anayala m'migula monse, bonongwe kufika m'chiuno. Chimanga chinali pakati pakepo, chachikasu, choonda ngati bango. Mizere isanu ndi umodzi yokha ndiyo inali yobiriwira, ngati yabwera kudzachitira umboni.

"Tadala, chachitika n'chiyani muno?"

Ndinafotokoza fanizo lonse mwadongosolo, osaphonya ndi mawu amodzi. Amayi anatula thumba pang'onopang'ono, anandigwira pamkono, n'kuyamba kudula minda ya eni. Sindinkadziwa kuti a Mkandawire nawonso ankalima komweko, minda inayi kuchokera pa wathu. Tinawapeza atavala kabudula ndi chipewa chong'ambika, akubandira. M'munda mwawo munalibe udzu ngakhale umodzi.

"Abambo, mwadzuka bwanji? Ndabwera ndi wophunzira wanu. Tiyeni mukaone ulaliki wanu mmene wamerera."

Anatitsatira. Poyamba atamva nkhaniyo anaseka. Ataona munda analeka.

"Koma mayi, ine ndinkanena za anthu."

"Ndiye mukananena anthu! Buku lati tirigu, inu mukuti chimanga. Mwezi wa Disembala, makasu ali m'manja, mukuimirira kutsogolo kuuza ana kuti asazule udzu? Mafanizo anatha? La nkhosa yotayika lija linapita kuti?"

A Mkandawire anavula chipewa, anakanda m'mutu, kenako anatembenukira kwa ine. Sanakweze mawu.

"Mwana wanga, unabadwira m'banja lolima. Unamvadi choncho, kapena unkafuna kumva choncho?"

Funso limenelo limandikwiyitsabe mpaka lero, chifukwa linalibe pothawira. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti udzu umapha chimanga. Ndinali nditapalira kuyambira ndili Sitandade 3.

Amayi sanandimenye. Anandipatsa khasu. Ndinapalira masiku khumi ndi awiri, m'mawa ndisanapite kusukulu ndi masana ndikaweruka, njere za chisoso zitamata siketi yonse. Mizu ya udzu inali italukana ndi ya chimanga, moti ndikakoka khovani, phesi linkabwera nalo limodzi. Feteleza anathiridwa mochedwa. Tinakolola matumba awiri ndi theka. Ufa unatha mu Ogasiti, ndipo kuyambira pamenepo mpaka chimanga chachiwisi chinacha tinkagula wa m'timapepala, wongokwana mphika umodzi. Ang'ono anga awiri ankapita kusukulu osamwa phala. Palibe anandinena, koma m'mawa uliwonse ndinkawaona akutuluka.

Nditakula ndinafufuza. Udzu wa m'fanizolo, usanache, umafanana kwambiri ndi tirigu, ndipo tirigu amafesedwa mothithikana, osati pamizere. Mlimi wakumeneko sakanatha kusiyanitsa. Chimanga ndi chisoso ngakhale mwana wa zaka zisanu amasiyanitsa. Choncho amayi sanalakwe: fanizo linasamutsidwa mosasamala. Koma tsiku limenelo m'tchalitchi munali anthu odzaza mabenchi onse, ambiri a iwo olima, ndipo Lolemba onse anapita kukapalira. Amene anatsala kunyumba ndinali ine ndekha.

Ndimapempherabe, ndipo ndimamvabe anthu akuluakulu, a ndevu zawo, akutola chiganizo chimodzi mu ulaliki wa ola lathunthu, chokhacho chimene chikuwamasula ku ntchito imene akuiopa. Ndimafuna kuwakalipira, koma ndimadziwa kumene ndinachokera. Chimene ndinaphunzira n'chochepa: mawu a paguwa akandikomera msanga, akandiuza kuti ndikhale pansi pamene ntchito ikundidikira, ndimayamba ndawakayikira makutu anga. Ndimakhala mpaka ameni, n'kufunsanso mnzanga panja kuti iye wamva chiyani.