Tsiku limene a Bwanali anayesa shelefu

Ndikukumbukira chipinda chathu cha m'komboni ya Alex, fungo la malasha a m'mbaula, ndi madzi obiriwira amene ndinkawakonda kuposa sukulu. Ababa atatopa ndi mgodi analowa ntchito yosamala maluwa kwa mzungu wina kumayadi. Mzunguyo posamuka anawasiyira mathanki atatu agalasi. Awiri anali ndi tinsomba tofiira, tongoyenda uku ndi uku ngati mabwana. Linalo linali long'aluka, ndiye ine ndinathiramo mchenga ndi miyala n'kuikamo abuluzi anga.

Zonsezi zinkakhala pansi, pafupi ndi mphasa. Mlongo wanga Esinati atayamba kukwawa, amayi anamupeza tsiku lina atapisa mkono wonse m'thanki, mutu ukutsatira. Mlandu anaugamula pomwepo. "Pofika Lamulungu zinthuzi zikhale zitakwera m'mwamba. Apo ayi, nsomba ndikazinga, abuluzi azipita kwawo." Amayi sankaopseza kawiri. Ndinawaona akutsika chiwaya pamsomali n'kuyamba kuchikwecha, maso ali pa nsomba zanga.

Ndinathamangira kudzala la ku Marlboro ndipo ndinabwera nditasenza shelefu yoyera, ya miyendo yosema, yonunkhirabe polishi. Ababa iwo anabwera ndi matabwa okhuthala othimbirira simenti ndi zitsulo za bedi lakale, n'kukhoma chinthu chonyansa ngati khola la nkhumba. Ndinalira kuti nsomba zokongola sizingakhale pamenepo. Sanakangane nane. Anangoti, "Madzi amanamiza, mwanawe. Amaoneka opepuka. Pita ukaitane a Bwanali adzamwe tiyi."

A Bwanali anali mnzawo wa kumgodi amene anadzakhala khukhi pahotela ina m'tauni. Munthuyo chakudya chilichonse ankayamba walawa asanapereke, ndipo thupi lawo linkachitira umboni. Asanafike, ababa anabisa mipando yonse kuseri kwa nyumba, n'kuyala nsalu ya amayi pamashelefu onse awiri kuti azioneka ngati mabenchi.

Mlendo anayamba ndi yanga, poti ndi imene inali yooneka bwino. Anakhala, kapu ili m'manja. Shelefu inayamba kudandaula pang'onopang'ono ngati nkhalamba ikudzuka. Kenako phwa! A Bwanali anapezeka pansi miyendo ili m'mwamba, koma tiyi sanatayike ngakhale dontho. Ukhukhi ndi luso.

"Haikona! Achimwene, mipando yanuyi mumagula kuti?"

Ababa anapepesa ndi nkhope ya kumaliro n'kuwalozera inayo. A Bwanali anakhala mosamala, tako limodzi kaye, kenako thupi lonse. Ine maso anali pa nsomba zanga, chifukwa iyi ikanathyokanso, chiwaya chinali chotsukatsuka kale. Anadya buledi, anasimba za kuhotela, anaseka mpaka mimba kugwedezeka. Matabwa aja anangoti zii.

A Bwanali anazindikira ataona ababa akuchotsa nsalu n'kuyamba kuyeza thanki ndi chingwe. "Ndiye ine mwandiitana ngati thumba la simenti?" Anakwiya ndithu, mkwiyo wofuna kapu ina ya tiyi wothira mkaka wa kondensi wambiri.

Loweruka ababa anakhomerera shelefu ija kukhoma. Nsomba anaziika pathabwa lam'munsi poti ndizo zolemera, komabe pamene Esinati sakanafika, abuluzi pamwamba. Amayi anabwera, anaikankha ndi chiuno, anaigwedeza ndi manja onse awiri. Anangotenga chiwaya n'kuchibwezera pamsomali pake. Mpweya umene ndinatulutsa tsiku limenelo ukanazimitsa mbaula. Nsomba yonenepa kuposa zonse tinaitcha Bwanali, ndipo inakhala nafe mpaka Esinati atayamba sukulu.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mdzukulu wanga amene amakhala m'mafulati a ku Joubert Park naye anatengera matendawa, kungoti nsomba zake zili ndi magetsi ndi kamakina kopumira. Mwezi watha ananditenga ku Randburg kukasankha shelefu. Za masiku ano zimabwera m'katoni, matabwa ake ndi utuchi wopanikiza, ndipo kulemera kumene zingapirire amachita kulemba pakapepala. Mnyamatayo ali kalikiliki kuwerenga, ine ndinasankha yachitsulo n'kukhalapo bwinobwino.

"Hawu, mkhulu!" anakuwa mtsikana wogulitsa.

Shelefuyo sinadandaule, ndipo tinagula yomweyo. Ukalamba wandipatsa mimba ya a Bwanali ndi ntchito yawo yomwe. Chondiwawa n'chakuti masiku ano sapereka tiyi.