Kompyuta Yotsanzira Makina a Mawaya

Chikalata nambala 14 cha ofesi yoona za madzi chinalengeza mwaulemu kuti makina akale a mawaya, amene kwa zaka makumi atatu akhala akulosera nthawi imene thanki yaikulu idzadzale, apuma Lolemba. Kompyuta idzawatsanzira "ndendende, osasiyako kanthu." Ndime yomaliza inati wowasamalira nayenso apuma mwezi ukatha, ndipo ofesi ikuthokoza.

Wowasamalirayo ndi a Singano. Dzinali analipata chifukwa maso awo sachoka pa kasingano ka mita. Makina awo sawerenga manambala: magetsi amakwera m'kati mwake monga madzi akwerera m'thanki, singano n'kuloza yankho.

Mayi injiniya amene anatumidwa kudzakopera makinawo mu kompyuta anali waulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unawadetsa nkhawa a Singano. Anayeza waya uliwonse, n'kupempha mapulani.

"Chilipo china, bambo?"

"Mwapempha mapepala, ndakupatsani mapepala."

Kunyumba a Singano anauza akazi awo kuti woyeza munthu msinkhu si telala yekha, wokhoma bokosi amayezanso.

Lolemba kompyuta inayamba ntchito, anthu n'kuwomba m'manja. Lachitatu inati thanki idzala pakapita maola awiri, pamene madzi anali atasefukira kale mpaka poimika galimoto ya bwana.

"Mwaigwira inu!" anatero bwana kwa a Singano, nsapato zake zitanyowa.

"Bwana, ine ngakhale poyatsira pake sindipadziwa."

Injiniya uja sanakalipe. Anakagwada pa makina akale, n'kupeza timizere ta pensulo makumi atatu mozungulira kachitsulo kopotokola kachisanu ndi chiwiri, koimira kukula kwa thanki. Chaka chilichonse matope ankaunjikana pansi pa thanki, a Singano n'kupotokolako pang'ono, osalemba paliponse. Kompyuta inatsanziradi ndendende, koma thanki ya m'mapulani, yopanda thope.

"Bwanji simunanene, bambo?"

"Ndikanatsala ndi chiyani, mayi?"

"Nanga mumadziwa bwanji popotokolera?"

"Ndimakwera pamwamba ndi nsungwi, n'kuiviika mpaka pansi, n'kuvuula kuti ndione pamene thope lafika."

Mayiyo anayang'ana makwerero a thankiyo nthawi yaitali, n'kutseka kope lake.

Chikalata nambala 15 chinalengeza kuti kompyuta tsopano ikugwira ntchito payokha, makina akale atayidwa, ndipo wowasamalira wasungidwa kwa mwezi umodzi wokha kuti amalize kulongedza.

Makinawo ali m'chipinda cha matsache, oyatsa, kiyi ili m'thumba mwa a Singano. Chino ndi chaka chachinayi akulongedza.